Aseya Atatu a ku Mpata

Otara, Auckland
6 Juni 1995

Okondedwa achimwene Tolovae,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu a Moevanu ndi onse ku Saleutu. Kuno kwayamba kuzizira. Ine ndilipo, koma za Amayi si zabwino.

Madokotala anena kuti chotupa cham'mimba chija sangachichitenso opaleshoni. Atibweza kunyumba ndi mankhwala oletsa ululu basi. Tsopano nkhondo yagona pa kudya. Ndayesa phala, ndayesa msuzi wa nkhuku, ndagula mpaka koko wodula wa ku Fiji, koma amangoyang'ana n'kutembenukira kukhoma. Dzana ndinawagwadira mbale ili m'manja. Iwo anati, "Iwe, usanditopetse. Undipezere seya wa m'munda mwanga, ndidya."

Mukuwadziwa mayi anu. Munda akunenawo ndi miyala ya korali ija yomera m'nyanja kuseri kwa tchalitchi, pamene akhala akuvuula aseya, tinyama tofewa tija tooneka ngati nkhaka, kuyambira ife tisanabadwe. Wa kwina akuti sakumufuna, ati amanunkha matope.

A Uelese, mkulu wa mpingo, akwera ndege ya pa 20. Chonde muwapatsire botolo limodzi lokha. Amayi akuti muwauze alamu asachite zaulesi. Nyanja ikaphwa, seya amuvuule pansi pa mwala wake, amucheke pambali ali m'madzi momwemo, athire matumbo okhawo m'botolo, thupilo alibwezere pomwe alipeza, mwalawo n'kuutembenuza monga unalili. Ati akatero amapola n'kumera matumbo ena, miyezi ikapita adzamuchekanso. Ndawauza kuti alamu anaphunzira zonsezi kwa iwo omwe, koma akakamira kuti ndilembe, ndiye ndalemba.

Musachedwe, achimwene. Mphete yaukwati yayamba kuvuka yokha pachala chawo.

Ndine mlongo wanu,
Leaniva


Otara
24 Juni 1995

Achimwene,

Moni nonse. Ndinajomba kufakitale n'kukwera mabasi awiri kukachingamira a Uelese kubwalo la ndege. Anditulira mkeka ndi mafuta a kokonati. Nditafunsa za botolo anayamba kuyang'ana nsapato zawo, n'kunena kuti mundilembera.

Kunyumba ndinapeza Amayi atasamba, atavala diresi la ku tchalitchi, atakhala tsonga pampando. Ndinawanamiza kuti katundu wina watsalira ku Apia.  Anangondipempha ndiwathandize kuvula diresilo.

Kodi ndinapempha ng'ombe? Kuchokera pakhomo panu kukafika kumundako ndi mtunda woti munthu angapite madzi a tiyi ali pamoto n'kubwerako asanawire. Ngati vuto ndi ndalama nenani, nditumiza. Koma musandikhalire chete chonchi, mutu wanga waima.

Leaniva


Saleutu, Upolu
3 Julayi 1995

Wokondedwa mlongo wanga Leaniva,

Tikuthokoza Mulungu potisunga kufikira lero. Makalata ako onse awiri tinalandira. Nkhani ya Amayi yatisweka mtima, ndipo abusa akuwatchula m'mapemphero Lamulungu lililonse.

Usaganize kuti takhala dala. Mwezi wathawu nyanja inali yolusa. Komanso mlamu wako anaponda tuitui, kanyama kaminga ka m'nyanja kaja, minga khumi ndi iwiri inathyokera m'chidendene, moti wakhala sabata ziwiri akuyenda ndi ndodo.

Botolo ndi limeneli, ndapatsira mwana wa a Fereti amene akubwera kudzayamba ntchito kumeneko. Uwapatse Amayi pang'onopang'ono, ndi nthochi zophika. Uwauze kuti zonse kuno zili bwino ndipo nkhumba yawo yaswa ana asanu ndi mmodzi.

Ndalama usatumize.

Mlongo wako,
Tolovae


Otara
17 Julayi 1995

Achimwene,

Moni ndikupatsani chifukwa cha mwambo chabe.

Botolo lanu lafika. Ndinalira ndi chimwemwe, wopusa ine. Ndinaphika nthochi, ndinafinyira ndimu, ndinawatsamiritsa Amayi pa mapilo. Ananunkhiza, anaika pang'ono palilime, kenako analavulira m'dzanja langa. Anati, "Uyu ndi wa pamsika. Athiramo khungu la loli kuti botolo lidzaze." Nditayang'anitsitsa ndinaonadi tizidutswa ta aloli, anzake a seya akuda aja ongogona pamchenga poyera. Munthu wodwala chonchi, inu n'kumugulira zosakaniza za m'mphepete mwa msewu wa ku Apia. Mulibe manyazi?

Nyanja yolusa ija ndafunsa mwana wa a Fereti. Akuti Juni yense kunali bata. Anandiyankha zimenezo zokha, zina zonse akuti ndifunse eniake.

Ndiye ndinene zimene zili kukhosi. Ndikudziwa kuti alamu ndi Amayi sankamwerana madzi. Ndikudziwa kuti Amayi ali ndi pakamwa, anawanenapo pagulu kuti ali ndi manja a mwamuna. Koma kubwezera kwake kukhale pa munthu amene akufa? Ine ndimadzuka kusanache kuwasambitsa, kupita kukaima maola asanu ndi atatu pa makina, kubwera kudzawasinthira zofunda. Inu chimene ndakupemphani n'kunyowetsa miyendo basi.

Sabata ino amwa tiyi yekha. Akapita osalawa seya wawo, ine ndi inu chibale chidzathera pamaliro pomwepo.

Leaniva


Saleutu
28 Julayi 1995

Alamu,

Moni. Kalata yanu achimwene anu anaiwerenga kawiri n'kukaibisa m'Baibulo, koma ine ndinaipeza. Poti mwanditchula, ndiyankha ndekha. Iwo sakudziwa kuti ndikulemba.

Zoti ndili ndi manja a mwamuna n'zoona, ananena. Ananenanso zina zoposa pamenepo zimene inu simunamve. Koma mpeni umene ndimachekera seya anandipatsa ndi apongozi anga omwewo, ndipo anaima nane m'madzi zaka khumi ndi zinayi. Ndikanakhala ndi seya wa m'munda mwawo ndikanasambira naye mpaka ku Auckland.

Munda kulibe, alamu. Unatha.

Kumbukirani kalata yanu ya chaka chatha, Amayi ali gone m'chipatala ku Apia. Munalemba kuti za chipatala cha kumeneko muziona inu, koma ya ndege ndi ya mapepala apeze achimwene anu mwezi usanathe, apo ayi malo awo apatsidwa wina. Akanaipeza kuti? Koko yense anali atapsa ndi chiwawu, mitengo ya kokonati inali isanadzuke chichokereni namondwe. Nthawi yomweyo kunabwera munthu wina wa galimoto, wogula aseya athunthu. Sankafuna matumbo ayi, ankafuna thupi lophika ndi loumitsa, ati amatumiza kunja. Achimwene anu anaika migolo iwiri pamoto kuseri kwa nyumba. Anzawo ataona ndalama zikulowa, mudzi wonse unatsikira m'madzi. Amuna sadziwa kupisa dzanja pansi pa mwala, ndiye anabwera ndi migwala n'kumaswa korali kuti atulutse obisala. Ine ndinakana, ndinatukwana, kenako ndinasonkhezera nawo moto. Sindibisa. Sabata zitatu zokha, ndipo Amayi anakwera ndege kuchokera kuchipatala osaona chilichonse.

Panopa kuseri kwa tchalitchi kwatsala zibuma zokutidwa ndi ndere. Tuitui zadzaza moti palibe poponda, ndiye chidendene changa chija si bodza. Kale zinkakhala apo ndi apo m'mphako, tsopano mwini malo ndi izo. Cha kumathiriro a mtsinje, kumene okonza msewu anakumba mchenga, ndi matope okhaokha ndi aloli. Ngakhale nyenyezi za m'madzi zabuluu zija ana ankaseweretsa zinasamuka.

Chilandirireni kalata yanu yoyamba ndakhala ndikuyenda nthawi iliyonse nyanja ikaphwa. Ndaona kuti ukamatalikira nyumba za anthu, korali amayamba kuoneka wamoyo, tuitui n'kumachepa. Lachiwiri ndinafika mpaka ku Mpata, pamene madzi amatulukira kunyanja yaikulu. Mukudziwa kuti amuna a migwala sakanafikako, madzi ake amakoka munthu. Ndinadzimanga chingwe m'chiuno n'kuchikoleka pa thanthwe. Pansi pa korali wa nthambi ndinapeza aseya atatu, onenepa bwino. Ndinafufuza mpaka madzi anandifika pachifuwa, panalibenso wina.

Mpeni ndinali nawo, koma dzanja linakana. Atatu sangadzaze ngakhale chipande, ndipo wochekedwa nthawi zina sapola. M'dziwe lathu lonse otsala ndi amenewa. Komabe mukati ndicheke, ndikacheka mawa lomwe.

Za kuwauza Amayi muone nokha. Achimwene anu sakudya, akungokhala pansi pa mtengo kuyang'ana kunyanja. Musawalembere zaukali zina.

Mlamu wanu,
Moevanu


Otara
9 Ogasiti 1995

Okondedwa alamu,

Moni, ndipo pepani. Pepani kwambiri. Kalata yanga ya chaka chatha ndikuikumbuka liwu ndi liwu. Ndinalemba ndili ndi mantha, osafunsa n'komwe kuti ndalamazo zichokera kuti, ndipo zitapezeka ndinangothokoza Mulungu. Walira mvula walira matope. Migwala ija ndinainyamula nawo ndili kuno.

Ndinakhala masiku awiri ndi kalata yanu m'thumba. Tsiku lachitatu Amayi anandifunsa chimene chikundidya, ndiye ndinawawerengera yonse, osadumpha ngakhale za manja a mwamuna. Ndinkayembekeza kuti akuwa kapena atemberera achimwene. Anangotseka maso, misozi ikutsikira m'makutu. Kenako anafunsa kuti, "Wati angati?"

Ndinati atatu.

"Pansi pa korali wa nthambi?"

Ndinati inde.

Anati, "Lemba msanga. Umuuze Moevanu asawakhudze. Imeneyo ndi mbewu. Munthu sadya mbewu ngakhale njala itavuta bwanji. Asauzenso munthu pamene ali. Akasiyidwa adzaswana, ana awo madzi adzawabweretsa okha kumunda."

Ndinawakumbutsa kuti ndiye kuti iwo salawa. Anandiyankha kuti adya seya wokwana pa moyo wawo, ndipo ndisiye kulira ngati mbuzi ndikawaphikire phala. Alamu, adya masipuni asanu. Asanu! Lero m'mawa adya asanu ndi awiri, n'kuyamba kundilongosolera mmene mungaunjikire zibuma zija kuti ana a seya adzapeze pobisala.

Ndiye musacheke. Ndathamanga nayo kalatayi ku positi nthawi ya nkhomaliro kuti inyamuke lero. Achimwene muwauze kuti Amayi sanawatchule ndi mawu oipa ngakhale amodzi.

Mlamu wanu,
Leaniva


Saleutu
11 Ogasiti 1995

Mlongo wanga,

Moni. Sindinalandire yankho lako lililonse, ndipo sindikudabwa. Mlamu wako anandiululira kuti anakulembera zonse. Zili bwino, ndinayenera kunena ndekha kalekale.

Ndili ndi nkhani ina yoipa, ndipo ndilemba mosazungulira.

Nditaona zilonda za chingwe m'chiuno mwake ndinamufunsa kumene amapita, mpaka anandiuza za aseya atatu a ku Mpata. Anati tidikire mawu ako. Ine ndinawerenga masiku. Kalata kupita sabata ndi theka, kubwera sabata ndi theka, Amayi akumwa tiyi yekha. Ndinati munda ndinawononga ndine, botolo labodza ndinagula ndine, tsono ichi chokha ndichite ndi manja anga. Sindinafunenso kuti mkazi wanga akalowe m'madzi aja kachiwiri.

Dzulo m'mawa iye atapita ku msonkhano wa amayi, ndinatenga bwato. Ndinawapeza onse atatu pomwe ananena. Koma iwe ukudziwa kuti ntchito imeneyi ndi ya akazi, ine chibadwire sindinachekepo seya. Ndinaopa kuti ndicheka molakwika n'kuwapha. Ndiye ndinaganiza zowatengera kunyumba amoyo kuti mlamu wako awacheke bwino, ine n'kuwabwezera madzulo. Ndinawaika pansi m'bwato. Chaka chatha tinkawaponya m'zidebe za madzi n'kuthamangira nawo pamoto, sindinadziwe kuti mtundu umenewu ukakhala kunja kwa madzi umasungunuka.

Pobwerera madzi anali akutuluka, ndinalimbana nawo maola awiri dzuwa lili pamutu. Nditafika pagombe n'kuyang'ana kumapazi, panalibe seya. Panali chinthu chonanda ngati phala la chinangwa, chitasakanikirana ndi mchenga ndi madzi a m'bwato. Ngakhale matumbo sanaoleke.

Mlamu wako atabwera anagwada pamchenga n'kulira ngati pagwa maliro. Anangondifunsa kuti, "Bambo, mukuganiza kuti timawachekera m'madzi chifukwa chokonda kunyowa?" Kuchokera pamenepo sanandilankhulenso.

Lero ndabwererako ndi galasi loonera pansi. Ndafufuza mpaka makutu kuwawa. Palibe.

Sindikupempha kuti undikhululukire. Ungondiuza chochita, chifukwa chilichonse chimene ndaganiza ndekha chawononga.

Tolovae


Otara
23 Ogasiti 1995

Achimwene,

Moni. Makalata athu anaphonyana panjira, ndipo pano mwaona kale zimene Amayi ananena. Sindikukalipirani. Mphamvu zake ndilibe, ndipo madzi akatayika saoleka.

Tamverani zimene zachitika. Wa positi anafika ine ndili kuntchito, ndiye envelopu inali m'manja mwa Amayi tsiku lonse. Maso awo sathanso kuwerenga zilembo zazing'ono, koma dzanja lanu analizindikira. Nditangolowa anati ndiwawerengere. Ndinatsegula, ndinathamangitsa maso mpaka pansi. Iwo akundiyang'ana kukamwa.

Ndinawerenga kalata imene simunalembe. Ndinati mwapita ku Mpata ndi bwato, mwawaona onse atatu ali bwinobwino, simunawakhudze, ndipo pambali pawo mwaona kena kakang'ono. Amayi anaseka koyamba chichokereni kuchipatala. Anati, "Tolovae sangasiyanitse seya ndi chala chake chakuphazi. Ngati iyeyo waona anayi, ndiye kuti alipo khumi." Madzulo amenewo anadya phala theka la mbale.

Mulungu andikhululukire, koma chimene chikuwadyetsa panopa ndi aseya amenewo. M'mawa uliwonse amafunsa ngati kwabwera kalata.

Munati ndikuuzeni chochita. Muzilemba sabata iliyonse, kalata ya Amayi, yoti ndikhoza kuwapatsa m'manja. Nambala muzilemba zikuluzikulu chifukwa amafuna kuziona okha. Zoona zake muzilemba pa pepala lina. Namwino akuti mwina mwezi, mwina osakwana.

Leaniva


Saleutu
2 Seputembala 1995

Okondedwa Amayi,

Moni wochokera kwa ine, mpongozi wanu ndi mudzi wonse. Tikukusowani kwambiri.

Lachinayi ndinapitanso ku Mpata. Madzi anali oyera. Ndawerenga aseya 9. Aakulu atatu aja alipo, enawo ndi ana. Sindinawakhudze. Moevanu wayamba kuunjika zibuma kuseri kwa tchalitchi monga munanenera. Idyani, Amayi, kuti mudzaone nokha.

Mwana wanu,
Tolovae

Leaniva, pepala ili ndi lako wekha. Za zibuma n'zoona, tikuunjika awiri, ngakhale sakundilankhulabe kwenikweni. Ku Mpata ndikupita tsiku lililonse kupatula Lamulungu. Sindinaone kanthu.  Ndilembanso Loweruka.


Otara
21 Seputembala 1995

Achimwene ndi alamu,

Pofika kalatayi mudzakhala mutamva kale uthenga umene ndinaimba kwa abusa. Amayi anatisiya Lachiwiri masana, dzuwa likuwala pawindo. Sanavutike kwambiri. Monga ndinawauzira abusa, tifika nawo pa ndege ya pa 29, mukonze manda pafupi ndi a Bambo. Seya sanalawe.

Pali mawu amene sindikanatha kunena pa lamya ya abusa.

Makalata anu awiri anafika, ya aseya 9 ndi ya aseya 14. Onse anawasunga pansi pa pilo. Lolemba anandiuza kuti ndiwatulutse, ndiwaonetsenso nambala zija. Anaziyang'ana nthawi yaitali, akuzisisita ndi chala. Kenako anandifunsa kuti papita masabata angati chipezereni Moevanu atatu aja. Ndinati asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu.

Anati, "Zaka makumi asanu ndili m'madzi, sindinaonepo seya woswana ngati nkhuku. Mwana wake amatenga chaka kuti diso limuone."

Ndinasowa poyang'ana. Ndinayamba kunena kuti mwina achimwene anawerenga molakwika, koma anandigwira dzanja kuti ndikhale chete. Anafunsa ngati atatu aja alipo. Sindinathe kunamanso, ndinapukusa mutu. Ndinafuna kufotokoza mmene zinachitikira, iwo anakana, ati sakufuna kudziwa.

 Kenako anafunsa ngati n'zoona kuti inu mumapitako tsiku lililonse, kapena nazonso ndi zopeka. Ndinawawerengera pepala lanu lija lolembera ine ndekha.

Anati, "Mwana ameneyu ndinamubereka wopusa, koma si waulesi. Umuuze kuti ndinadziwa kuyambira pa kakang'ono kaja, ndipo phala ndinkadyera iyeyo. Umuuzenso kuti asasiye kupitako. Tsiku limene adzamuone woyamba weniweni, asadzamukhudze. Adzabwere pamanda adzandiuze nambala yoona."

Ndalemba monga ananenera, sindinawonjezepo kanthu.

Mlongo wanu,
Leaniva